Chipsera cha pamsongolo wanga ndi funso la chisoti

Bambo wina wanditumizira imelo. Ayamba kumene wing foiling, masewera oyenda pamadzi utaima pabolodi n'kugwira m'manja phiko lokokedwa ndi mphepo, ndipo akufunsa kuti anthu amavulala pati kwenikweni, komanso ngati chisoti n'chofunikadi "poti ukagwa umagwera m'madzi". Mawu amenewa andiyabwa, bambo, chifukwa ndi omwe ndinkayankhula ine.

Masewerawa anayamba kufala cha mu 2019, ine n'kulowamo patapita chaka. Tsiku lina bolodi itangonyamuka pamwamba pa madzi, inapendekera kumbali. M'malo movomera kugwa, ndinalimbana nayo, phiko n'kulitaya. Ndinagwa bwinobwino, osapweteka. Chinandipweteka n'chimene ndinachita kenako: ndinayamba kupalasa ndi miyendo kuti ndikwerenso, kuiwala kuti pansi pa bolodi pali foil, chida chimene chimanyamula bolodi pamwamba pa madzi: mast (mlongoti wake) ya masentimita 85 ndi mapiko awiri akuthwa. Kaphiko kakumbuyo kanandicheka pamsongolo. Sindinamve kanthu mpaka nditaona magazi akuchucha pabolodi. Kuchipatala anandisoka, ndipo ndinakhala milungu 3 ndikungoonerera anzanga ndili pamtunda, mtima ukuwawa kuposa bala.

Ndiye ndinene mosapsatira: madzi sakuvulazani kawirikawiri, chimakuvulazani ndi zida zanu zomwe. Nthiti zimasweka ukagwera m'mphepete mwa bolodi. Mutu umagundidwa pamene chingwe chokulumikiza ndi bolodi chakokera bolodiyo kubwerera kwa iwe, kapena mphepo ikaigubuduza foil n'kuloza kumwamba. Mapewa ndi zigongono zimatupa chifukwa chokoka phiko ndi mphamvu za manja tsiku lonse.

Koma chondikwiyitsa kwambiri ndi malamba a kumapazi. Munthu sanadziwe n'kutembenuka komwe, wamanga kale malamba chifukwa waona akatswiri akudumpha pa YouTube. Phazi limodzi likatuluka lina n'kutsalira, bolodi imazungulira ndi akakolo ako, mwinanso bondo. Poyamba ndinkati aliyense asankhe yekha. Pano ndikuti ayi, wophunzira asamange, basi. Ndipo amene amajambula anzawo akugwa n'kumaseka, m'malo mowauza kuti madzi pamenepo ndi osaya, nawonso ndili nawo mawu, koma tsiku lina.

Zoti muchite

Chisoti valani, pamodzi ndi jekete yoteteza nthiti, wetsuit (chovala chothina cha m'madzi) yofika kumapazi ndi nsapato za m'madzi. Yambani ndi mast yaifupi, ya masentimita 60 kapena 70, pamadzi akuya kuposa mast yanuyo. Nsonga zakuthwa za foil muzikwecheko pang'ono ndi sandpaper. Mukaona kuti mukugwa musataye phiko la m'manja, limakukokerani kutali ndi foil, ndipo potumphuka m'madzi tsogozani mkono kumutu. Musalowe mphepo ikamawomba kuchoka kumtunda kupita pakati pa nyanja. Manja akayamba kunjenjemera tulukani, ine tsiku lija ndinali nditatopa kale ndikuti ndibwereze kamodzi kokha.