Wavomera mlandu woba foni, kodi ndiye kuti basi ndi kundende?

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalembazi: mchimwene wanu wa zaka 22 anaba foni, wakhala pa limandi ku Maula miyezi iwiri, wavomera mlandu, ndipo sabata yamawa akukamva chilango. Mukufunsa ngati naye angatuluke pa pulobeshoni (kukhala kunyumba akuyang'aniridwa ndi ofisala m'malo molowa ndende) monga anachitira mwana wa aneba anu, komanso ngati mupereke ndalama kwa munthu amene akuti akonza zinthu. Zandalamazo n'zachidule: musapereke. Ndalama yovomerezeka, kaya ndi ya belo kaya ndi chindapusa, imaperekedwa mu ofesi ya khoti ndipo mumalandira lisiti ya boma. Wokuitanirani kuseri kwa galimoto akungofuna kukudyerani, ndipo inunso mutha kupezeka pa mlandu wa ziphuphu.

Tsopano nkhani yeniyeni. Kuvomera mlandu kwatseka funso limodzi lokha, loti kodi anaba kapena sanabe. Funso loti alangidwe bwanji likadali lotsegula, ndipo apa ndi pamene banja lingathandize kuposa pena paliponse. Ambiri timataya mtima munthu akangopezeka wolakwa, tsiku lachilango n'kungopita kukalira pabenchi.

Choyamba fufuzani mlandu weniweni umene unalembedwa papepala. Kuba wamba, pansi pa gawo 278 la Penal Code, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake, chilango chake chachikulu ndi zaka 5. Koma akakhala kuti anathyola nyumba, kapena anamenya kapena kuopseza mwini foniyo, umenewo ndi mlandu wina ndipo ndi wolemera kwambiri. Ngakhale chinthu chobedwacho chimasintha nkhani: njinga ndi zaka 10, ziweto zaka 14. Musachite mantha ndi manambalawa. Amenewa ndi malire a pamwamba, osungira mbava yoipitsitsa pa mlandu woipitsitsa. Majisitireti amayambira pa mlingo wotsikirapo, n'kumakwera kapena kutsika poona mtengo wa chinthucho, ngati chinabwezedwa, ngati wakubayo anachita kukonzekera kapena anali pagulu, msinkhu wake, ndi mbiri yake yakale. Kuvomera mlandu msanga nakonso kumachotsera, nthawi zambiri mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa sunatayitse khoti nthawi ndipo mboni sizinavutike.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi gawo 340 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu kukhoti. Limanena kuti munthu amene sanapezekepo wolakwa m'mbuyomu asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litaona, pa zifukwa zomveka zimene liyenera kulemba, kuti palibe njira ina yomulangira. Ndiye kwa wolakwa koyamba, ndende siyoyambira, ndi yomalizira. Sindikunena kuti mchimwene wanu atuluka ndithu, ayi. Kuba mafoni kwafala m'tauni muno ndipo makhoti ena amaumitsa dzanja kuti ena atengerepo phunziro. Koma lamulo limakakamiza majisitireti kuganizira njira zinazo kaye.

Njira zinazo zilipo zingapo. Khoti litha kumumasula ndi chenjezo, kumulipitsa chindapusa, kapena kulamula kuti abweze mtengo wa chinthucho kwa mwini wake. Litha kumupatsa chilango cha kundende koma n'kuchiimika: kunena kuti miyezi 12, koma usalowe, pita kwanu, ukapalamulanso m'nthawi imene takuikira udzagwira miyezi imeneyi pamodzi ndi chilango cha mlandu watsopanowo. Nthawi yoimikayo itha kufika zaka 3. Palinso community service, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno cha m'ma 2000, ya milandu imene chilango chake sichikanapitirira miyezi 12. Munthu amagona kunyumba, koma amapatsidwa maola oti akagwire ntchito yosalipidwa pamalo a boma, kusesa pachipatala, kutchetcha pasukulu, kukolopa pakhoti pomwepo, ndipo pamakhala womuyang'anira amene amalemba maolawo m'kaundula. Akajomba popanda chifukwa amabwezedwa kukhoti, ndipo kumeneko chimene chimamudikira ndi ndende.

Pulobeshoni yeniyeni ndi ina. Khoti limamusiya munthu m'manja mwa ofisala wa pulobeshoni, amene kuno kwathu amakhala wa ku ofesi yoona zachisamaliro cha anthu ya m'boma lanu. Ofisalayo amayamba wafufuza kunyumba: amakhala ndi ndani, amadya chiyani, kodi alipo wamkulu womulangiza. Khoti likavomera, munthuyo amauzidwa kokhala, masiku okaonekera ku ofesi, ndi zinthu zoti asiye. Ndi ufulu wa mbuzi ya pachingwe, imadya msipu koma pali pamene imalekezera. Kunena zoona, kwa akuluakulu njira imeneyi siigwiritsidwa ntchito kawirikawiri, chifukwa maofisalawa ndi ochepa ndipo ntchito yawo yambiri imathera pa milandu ya ana. N'chifukwa chake ndikukayika za mwana wa aneba anuyo. Mwina chake chinali chilango choimikidwa, poti pamudzi aliyense wobwerako kukhoti osalowa m'ndende timangoti ali pa pulobeshoni. Mwinanso sanakwane zaka 18. Ngati ndi choncho nkhani yake ndi yosiyaniratu: lamulo la 2010 loteteza ana limaletsa kutsekera mwana m'ndende, milandu yawo imapita ku khoti la ana, ndipo akafunika kusungidwa amapita ku malo osinthira khalidwe monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba. Wa zaka 22 sangadalire zimenezo, ngakhale makhoti amamuonabe ngati wachinyamata woyenera kupatsidwa mpata wina.

Ndikuuzeni mmene tsikulo limakhalira. Woimira boma amaimirira n'kuuza khoti ngati munthuyo ali ndi mbiri ya milandu, kenako amapempha chilango chokhwima. Majisitireti amatembenukira kwa wolakwayo n'kumufunsa ngati ali ndi mawu khoti lisanapereke chilango. Apa ndi pamene anyamata ambiri amadzipweteka okha. Wina amangoyang'ana pansi, manja kumbuyo, n'kuti, "Ndilibe mawu, bwana." Wina amati, "Mundikhululukire, anandinyenga ndi Satana." Wina, chifukwa cha mantha, amayamba kukananso mlandu umene wavomera kale. Majisitireti amalemba zimene wamva, ndipo zimene sizinanenedwe sangazilote. Mukapita kukamuona sabata ino, khalani naye pansi mukonze zoti akanene, zoona zokhazokha: kuti n'koyamba, kuti wavomera osavuta, kuti foni inapezeka kapena banja lakonzeka kulipira, kuti wakhala kale m'ndende miyezi iwiri, kuti ali pasukulu kapena pantchito yakuti, ndipo apemphe mwachindunji kuti khoti limuganizire chilango chogwirira kunja. Zoti ndili ndi ana ndi agogo odalira ine anene ngati zili zoona, koma asatsamire pamenepo. Makhoti amayankha kawirikawiri kuti zimenezo ukanaziganizira usanabe.

Inuyo mbali yanu ndi iyi. Ngati foni sinapezeke, sonkhanani pabanja mubweze mtengo wake, koma mudzere kwa woimira boma pamlanduwo kuti zilembedwe ndipo khoti lidziwe. Musapite usiku kwa mwini foni kukamukakamiza, zimenezo zimabala mlandu wina. Tengani kalata ya kusukulu kapena ya abwana ake, buku la kuchipatala ngati amadwala, ndipo pakhale munthu wamkulu, amalume kapena bambo, woti khoti likafunsa kuti akatuluka akakhala kwa yani aimirire. Pitaninso ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza amene sangakwanitse kulipira loya. M'ndende zikuluzikulu mumafikanso ma paralegal a bungwe la PASI, anthu ophunzitsidwa zamalamulo amene amalangiza akaidi ngakhale si maloya. Mchimwene wanu afunse kuti aonane nawo, salipiritsa.

Nanga zikavuta, n'kumupatsa ndende? Mvetserani bwino tsiku limene chilango chikuyambira. Makhoti ambiri amalamula kuti chiwerengedwe kuyambira tsiku limene munthu anamangidwa, ndipo ngati sizinatchulidwe apemphe pomwepo. Kundende nakonso amachotsera gawo limodzi mwa magawo atatu kwa mkaidi wosunga mwambo. Tiyerekeze wapatsidwa miyezi 18: akakhala bwino agwira 12, ndipo mukachotsa iwiri ya limandi ija yatsala 10. Ndewu, kupezeka ndi foni kapena chamba mkatimo, kapena kuyesa kuthawa, zimadya masiku amenewa. Komanso zilango zambiri za kwa majisitireti zimayenera kupita ku High Court kuti jaji akazione ngati zili zoyenera, ndipo jaji atha kuchepetsa, kuimika, ngakhalenso kuwonjezera. Apilo ndi yololedwa pa kukula kwa chilango ngakhale munthu anavomera mlandu, koma masiku ake ndi owerengeka, musagone. Za chikhululukiro cha Pulezidenti, chimene chimamveka nthawi ya 6 Julaye kapena Khirisimasi, musawerengerepo. Mayina amachokera kundende potsata mfundo zawo, si chinthu chopempha ndi ndalama.

Chifukwa chimene ndalimbikira chonchi kuti mumenyere chilango cha kunja n'chakuti ndende zathu n'zodzaza. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse chiwerengerocho ndi theka. Mpaka lero vutoli likadalipo. Ndende ya Zomba inamangidwa mu 1935, nthawi ya atsamunda, ndipo ikugwirabe ntchito. Inu mwapitako ku Maula miyezi iwiriyi, mukudziwa: chakudya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, anthu kutsekeredwa dzuwa likadali m'mwamba, ena kugona chokhala. Chifuwa chachikulu ndi mphere zimayenda mosavuta m'malo otero. Sukulu ndi ntchito zamanja ziliko ndithu, ena amalemba mayeso a MSCE ali momwemo n'kukhoza, koma kwa mnyamata woba foni imodzi koyamba, ine ndimaona kuti kutchetcha pachipatala cha kwawo, anzake akumuona, kumamuphunzitsa zambiri kuposa kugona chaka pakati pa akatswiri othyola nyumba.

Mawa m'mawa pitani ku ofesi ya makalaliki pakhotipo mukatenge nambala ya mlandu, dzina la mlandu umene anavomera, ndi tsiku lenileni lachilango. A Legal Aid akakufunsani zinthu zitatu zimenezi musanakhale n'komwe pampando.