Digiri ya mapulani a mizinda: yambirani ku Kitwe

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kuphunzira za mapulani a mizinda: itengeni digiriyi, koma konzekerani kukakhala ku Kitwe, chifukwa Copperbelt University imaphunzitsa Urban and Regional Planning kuyambira digiri yoyamba. Ntchito ilipo muno mu Lusaka momwe. Mvula ikagwa ku Kanyama madzi amangoima, pansi pali thanthwe, ngalande n'zochepa, zimbudzi zimasefukira m'zitsime, kolera n'kubuka. Komanso lamulo la za mapulani a mizinda la 2015 limalamula makhonsolo kukhala ndi mapulani a chitukuko, ndiye pakufunika anthu odziwa. Kuntchito kwathu ndaona kuti odziwa GIS (kupanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta) ndi amene amalembedwa msanga, choncho masamu ndi mapu musawathawe. Za magiredi ndi fizi mufunse ku yunivesiteko. Za kulembetsa ngati katswiri wa ntchitoyi mukamaliza, funsani a Zambia Institute of Planners, bungwe la akatswiri a mapulani.