Mafunso Anu: Galimoto yogonamo ikhala miyezi isanu osayenda, nditani?

FUNSO: Zikomo a mkonzi. Achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo anabweretsa galimoto ija yokhala ndi bedi, filiji, kasinki ndi thanki ya madzi mkati, ija amati camper. Timaichititsa hayala kwa alendo opita ku Cape Maclear ndi ku Liwonde, koma mvula ikayamba alendo amachepa ndiye tikufuna tiyiimike kuyambira Disembala mpaka Epulo. Pa YouTube ndaona azungu akuthira mankhwala apinki m'mapaipi asanaisunge. Kodi amenewa ndingawapeze kuti? Wowerenga wanu, Monkey Bay, Mangochi.

YANKHO: Achimwene, ndalama yanuyo sungani, mankhwala apinkiwo si a kuno. Anthu mwawaonawo ali ku Canada, ku America kapena ku Ulaya komwe kumazizira mpaka kutsika pansi pa 0 digiri, ndiye madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti n'kung'amba mapaipi ndi pampu, ngati mmene botolo lagalasi limaphulikira mukaliiwala mufiliza. Mankhwalawo ndi oletsa madzi kuundana m'mapaipimo. Kunyanja kuno madzi saundana olo mu Juni mwera uli pachimake. Ndipo chonde chonde musayerekeze kutenga coolant ya mu radiyeta n'kuthira mu thanki ya madzi akumwa poganiza kuti ndi zimodzimodzi, imeneyo imakhala ndi ethylene glycol, poizoni woononga impso, ndipo poti imatsekemera mwana kapena galu atha kuinyambita.

Zimene zingakupherenitu galimotoyo kuno ndi kutentha, chinyontho ndi makoswe basi.

Yambani ndi malo. Pansi pa mtengo wa mango ayi, Disembala mango amagwa tsiku lonse, madzi ake ndi zitosi za mbalame zimadya penti, makoswe ndi nyerere amabwera okha, komanso mphepo ya mkuntho ikathyola nthambi galasi lapita. Kufupi ndi gombe ayinso, tonse tinaona mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo. Pezani pokwera, pa simenti kapena pamiyala, pakhale denga. Pa udzu chinyontho chimakwera kunsi n'kuyambitsa dzimbiri, chiswe nacho chimatha kumanga njira kufika ku matabwa a bedi ndi makabati. Mukafunditsa lona musamange thinithini mpaka pansi, mpweya uzidutsa, apo ayi mkati muchita nkhungu.

Madzi onse khuthulani, a mu thanki yakumwa, a mu sinki, a kuchimbudzi ngati chilimo, mipope muisiye yotsegula. Madzi okhalitsa pa kutentha kwa Mangochi amachita ndere n'kununkha ndipo mlendo akadzamwa mudzayankha mlandu. Filiji zimitsani, pukutani, chitseko chikhale chotsegula pang'ono. Silinda ya gasi tsekani n'kuitsitsa, ikhale pamthunzi popita mphepo. Padenga yang'anani mophatikizira monse ndi m'mbali mwa mawindo, pomwe pang'ambika matani ndi silikoni mvula isanalimbe, chifukwa kadontho kamodzi kwa miyezi isanu kamaoletsa siling'i yonse.

Tsopano makoswe, apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa ndi amene amalizitsa anthu ambiri. Khoswe akalowa mu boneti amamanga chisa pa fyuluta ya mpweya n'kuyamba kutafuna mawaya, ndipo galimoto zamakono zokhala ndi kompyuta waya mmodzi yekha akaduka makaniko atha kufufuza sabata yonse inu mukungolipira. Ndiye chotsani chakudya china chilichonse, shuga, mpunga, nyenyeswa za buledi pansi pa mipando, olo sopo amadya. Matilesi ndi makatani tulutsani akakhale m'nyumba. Ku ekizozi ndi kolowera mpweya wa injini tsekani ndi sitiliwulo, koma mulembe kapepala n'kumata pa chiwongolero kuti musadzalize injini musanachotse. Tcherani misampha kuzungulira matayala, mankhwala a makoswe mkati ine sindilimbikitsa chifukwa amakafera kosafikika ndipo fungo lake silituluka msanga. Sabata iliyonse tsegulani boneti muone.

Batire kutentha kumaimaliza msanga kuposa kuzizira. Yodzadza imawerenga 12.6 volts, ikatsika pansi pa 12.4 ndiye ikufuna kutchaja, mukaisiya choncho imafa osadzukanso. Masulani teminolo ya negetivu kaye, ndipo camper zambiri zimakhala ndi mabatire awiri, ina ya injini ina ya magetsi ndi filiji, musaiwale yachiwiriyo. Muzitchaja kamodzi pamwezi.

Oyilo sinthani musanaimike osati podzaitulutsa. Ngati ndi ya dizilo dzadzani thanki kuti musatsale malo ochita thukuta, madzi mu dizilo amaononga mainjekita. Petulo wa ku Malawi kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyontho, ndiye akakhala miyezi ingapo amafooka, mukamadzaitulutsa onjezerani watsopano.

Handibuleki musakoke, nthawi ya mvula mabuleki amamatirira, ingoikani giya ndi miyala kumatayala. Matayalawo popani mokwanira, aphimbeni ku dzuwa, ndipo ngati muli ndi jeke ndi zitsa zolimba ikwezeni kuti asaphwatalale mbali imodzi.

Ambiri amati muziiliza m'mawa uliwonse mphindi zisanu, zimenezo zimangomaliza batire n'kusiya madzi mu ekizozi chifukwa injini sinatenthe. Ngati mukufuna kuiliza, chotsani sitiliwulo uja, muiyendetse pamsewu kwa mphindi 30 kamodzi pamwezi, koma muonetsetse kuti inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) sizinathe.