Mwana akayamba kunena kuti “ndadya kale”

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, mtsikana wa zaka 15 ndi mnyamata wa zaka 13. Timakhala ku Lilongwe ndipo pabanja tatha zaka 17. Chaka chatha bambo a kunyumba anawapeza ndi BP, n’kuwauzanso kuti shuga wayamba kukwera. Kuchokera tsiku limenelo anasanduka munthu wina. Anapeza pulogalamu ya pafoni ya banja lonse n’kuiika m’mafoni mwathu tonse anayi. Imawerenga masitepe amene munthu wayenda ndi maola amene wagona, ndipo chilichonse chimene ukudya umayenera kuchijambula n’kulembamo. Lamlungu tisanapite kutchalitchi timakwera pasikelo mmodzimmodzi, iwo akulemba. Sabata ikatha imaonetsa amene wapambana, ndipo dzina la wotsalira limafiira.

Wofiira nthawi zonse ndine. Ndimagulitsa kaunjika, ndimaswera pabenchi, masitepe 10,000 ndiwatenga kuti? Amandinena pamaso pa ana kuti ndine thumba la chimanga. Shuga anamukhomera m’kabati, ndiwo akufuna zopanda ndi dontho lomwe la mafuta. Mnyamatayu anatulukira nzeru, amapatsa mnzake foni kuti aziyenda nayo. Mtsikanayu ndiye womvera, sativutitsa, wakhala pamwamba miyezi inayi ndipo bambo ake amamunyadira. Masiku ano madzulo amangoti ndadya kale. Aliyense amatenga mbale yake kukadyera kwake chifukwa patebulo pamangokhala milandu.

Tsopano akufuna tiyambe kulipira mwezi ndi mwezi kuti izitiuza zambiri. Kodi mapulogalamu amenewa amathandizadi? Nanga ndingatani kuti asiye kundinyoza?

Mayi wotopa, Lilongwe

Mayi,

Makalata a mafoni m’banja amandipeza ambiri, ndipo ochuluka amakhala a mameseji obisika. Yanuyi ndaisankha chifukwa cha mawu awiri amene mwangowaponya chakumapeto ngati mukutaya makoko a mtedza: “ndadya kale.”

Za bambowo sinditalikitsa. Ena anena kuti ndi mantha a matenda. Odwala BP adzaza m’zipatala zathu, amamwa mankhwala awo, amachepetsa mchere, ndipo satcha akazi awo thumba la chimanga ana akumva. Asiye zimenezo. Akakana kukumverani inu, ankhoswe alipo, ndiyo ntchito yawo.

Tsopano mundiyankhe. Mwana wanuyo amadya kale kuti? Amadya chiyani, ndi ndalama ya ndani? Munamuona komaliza liti akutema mbamu ya nsima n’kumeza? Mtsikana wa zaka 15 thupi likadali pantchito, mafupa akukhwima, mwezi ndi mwezi akutaya magazi oyenera kubwezeretsedwa. Woteroyo sikelo yake imayenera kukwera. Iye wakhala akupambana miyezi inayi pampikisano umene wodya pang’ono ndiye amawomberedwa m’manja, ndipo waona ndi maso ake zimene zimachitikira mkazi wonenepa m’nyumba mwanu. Lamlungu lililonse amaona mayi ake akunyozedwa pasikelo. Mukuganiza kuti waphunzirapo chiyani?

Apa ndikudzudzulani, mayi. Mwalemba ndime yonse ya mmene inu mukupwetekera, ndipo ndi zoona mukupwetekedwa. Koma mwana amene wasiya kudya mwamutcha womvera, chifukwa iye akakondweretsa bambo ake m’nyumba mumakhalako bata. Mwamusiya agule mtendere wa pakhomo ndi mimba yake. Mnyamatayo, amene mukumuona ngati kamberembere, sindikumudera nkhawa kwenikweni, ngakhale kuti waphunzira kunamiza bambo ake ndipo inu mukumubisira.

Sindine dokotala ndipo mwanayo sindinamuone, choncho sindikunena kuti wadwala. Koma kuli matenda amene madokotala amawatcha anorexia nervosa. Munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa mpaka thupi kutheratu, iye akadziyang’ana n’kumaonabe kuti ndi wonenepa. Amakonda kugwira atsikana a msinkhu womwewu, ndipo amapha. Tinazolowera kunena kuti ndi matenda a azungu. Foni yomwe mwana wa ku London amaonerapo matupi a anzake ndi yomweyo ili m’manja mwa wanu.

Mwafunsa ngati pulogalamuyo imathandiza. Zabwino zilimo. Kukumbutsa munthu kuti adzuke ayendeko, amwe madzi m’malo mwa zozizilitsa kukhosi zashuga, azimitse foni agone, zonsezi n’zothandiza, makamaka kwa bambo amene ali ndi BP. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kakang’ono kamodzi kosadzaza bwino, ndipo azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pasabata. Ana a zaka 5 mpaka 17 limati azithamangathamanga pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse. Achinyamata amafunikanso kugona maola 8 mpaka 10. Pulogalamu ikamakumbutsa zimenezi ilibe mlandu.

Koma taonani zimene siona. Foni imawerenga masitepe ikakhala m’thumba kapena m’manja basi. Mukachapa bafa lodzaza zovala, mukakolopa nyumba, mukanyamula belo la kaunjika foni ili pabenchi, kwa iyo mwangokhala. Mwana akasewera mpira wamanja masana onse foni ili kunyumba, amalembedwa kuti ndi waulesi. Ndipo 10,000 amene akukusowetsani mtendereyo sanachokere kuchipatala. Anachokera ku Japan cha m’ma 1965, pamene kampani ina inkatsatsa kachipangizo kowerengera masitepe kotchedwa manpo-kei, kutanthauza kowerengera masitepe 10,000. Inali nambala yokoma potsatsa malonda, n’kukhazikika. Komanso mlingo woyerekezera kulemera ndi kutalika kwa munthu wamkulu sugwira ntchito pa mwana amene akukula. Wa ana ndi achinyamata umayang’ana zaka zawo komanso ngati ndi mtsikana kapena mnyamata. Muyang’ane ngati pulogalamu yanuyo imasiyanitsa zimenezi. Muyang’anenso ngati imadziwa nkhwani wotendera, bonongwe, usipa, futali kapena mgaiwa, chifukwa ambiri mwa mapulogalamuwa analembedwa ndi anthu amene mbale yathu sanaionepo. Mudzifunsenso kuti zithunzi ndi kulemera kwa mwana wanu wamkazi zikusungidwa kuti, ndipo akuziona ndani. Ine sindingalipire ndi tambala yomwe pa chinthu chimene chimaika mwana ndi mayi ake pampikisano wa sikelo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa kusikelo ya ana, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndi aulere. Muonetsetse kuti zamafuta zilimo m’magulumo. Mwana amene akukula amafunika mafuta, ndipo zimene adokotala analetsa bambo sanaletse nyumba yonse.

Chimene chandiwawa koposa ndi mbale zopita kuchipinda. Pa nkhani imeneyi ndine wouma mutu ndipo owerenga anga akudziwa. Banja limene lasiya kudyera pamodzi lachita khungu. Ife tinakula tikudya mbale imodzi atsikana tonse pamphasa, amayi ali chapafupi ndi chipande. Sankatifunsa kuti muli bwanji, ankangoyang’ana manja. Wina akatema mbamu ziwiri n’kusamba m’manja, usiku womwewo ankamugwira pamphumi kuona ngati watentha. Malungo ankadziwikira pamenepo. Mwana womenyedwa kusukulu ankadziwikira pamenepo. Mtsikana amene wayamba kuchita nseru ndi fungo la nsomba ankadziwikira pamenepo, miyezi isanapite. Palibe amene ankalemba kanthu, koma amayi ankadziwa mitanda imene aliyense wa ife amatha, ndipo ukachepetsa ankazindikira tsiku lomwelo.

Sindikunena kuti mubwerere pamphasa kapena mudyere mbale imodzi. Aliyense akhale ndi yake, koma pamalo amodzi, nthawi imodzi, maso akuonana. Pali makolo ambiri m’tauni muno amene amadziwa bandulo yomwe mwana wawo amagula pasabata koma sadziwa ngati amakonda therere. Timabwera mochedwa, wina pa TV, wina kuchipinda, wantchito n’kutola mbale, ndipo ndi wantchitoyo amene amadziwa kuti nsima ya mwana ikumabwerera yosakhudzidwa. Pulogalamu imangodziwa zimene mwana wasankha kuiuza. Angathe kujambula mbale yodzaza n’kukakhuthulira agalu, foni n’kumupatsa nyenyezi. Mayi amene wakhala moyang’anizana naye sanganamizidwe choncho masiku atatu otsatizana. N’chifukwa chake ndikuti choipa chachikulu chimene bambowo achita si kukhomera shuga. Asandutsa tebulo kukhala bwalo la milandu mpaka aliyense wathawapo, ndipo inu munavomera kuthawako chifukwa kunakupumulitsani. Tsiku limene mbale zinayamba kulowa m’zipinda ndi limene mwana wanu anapeza pobisala.

Chochita ndi ichi, ndipo mmera m’poyamba. Ana awiriwo achoke mu pulogalamuyo sabata ino, ndipo sikelo ya Lamlungu ithe. Bambowo ngati ikuwathandiza pa BP yawo aisunge paokha. Chakudya chamadzulo chibwerere patebulo, mafoni kutali, ndipo pasamveke mawu okhudza thupi la munthu aliyense. Mtsikanayo mumutenge nokha awiri, mwina pochapa kapena popita kumsika, mumufunse mofatsa. Osamukalipira, osamukakamiza ndi nsima kukamwa, mungomuuza kuti mwaona ndipo mukudera nkhawa. Mufufuze ngati akusambabe mwezi ndi mwezi, ngati amachita chizungulire, ngati amamva kuzizira ena akumva kutentha, ngati amathamangira kuchimbudzi akangotha kudya. Kaya zimenezi zilipo kaya palibe, mupite naye kuchipatala akamuyeze kulemera molingana ndi zaka zake, akaonenso magazi. Mukawauze a chipatala mawu omwewo amene mwandilembera ine, kuti masiku ano akukana chakudya chamadzulo ponena kuti wadya kale. Akakomoka kapena mtima ukamagunda mosalongosoka, musadikire kuti kuche.

Tsiku la bambowo lokaonana ndi adokotala mupite nawo, mukafotokoze iwo ali pomwepo zimene zikuchitika kunyumba, kuti akamve kuchokera kwa munthu amene amamuopa. Pakatha milungu iwiri mundilemberenso. Mudzandiuze zimene a chipatala apeza, ndiponso mitanda imene mwanayo watha inu mukuona.

Azakhali