Mapulogalamu amene amangotulukira pafoni: yankho kwa mayi wa ku Mtendere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mtendere kuno ku Lusaka amene amagulitsa salaula. Iwo analemba kuti foni ya Android imene anagula m'tauni miyezi inayi yapitayo, yogwiritsidwapo kale ntchito, yayamba kudzaza ndi mapulogalamu amene sanawaikemo okha, monga magemu awiri, pulogalamu ya kubetcha pa mpira, ndi ina yodzitcha kuti imayeretsa foni. Akawachotsa madzulo, kukacha amapeza abweranso, ndipo bundle imene kale inkawakwanira sabata yonse tsopano ikutha m'masiku awiri. Akufunsa kumene mapulogalamuwa akuchokera komanso mmene angawaletsere.

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Chimene ndikufuna mugwiritse ndi chakuti palibe pulogalamu imene imalowa m'foni yokha. Pali munthu kapena pulogalamu ina imene ili ndi chilolezo choika zinthu m'foni yanuyo, ndipo kumangochotsa alendowo osapeza amene akuwatsegulira chitseko n'chimodzimodzi kusesa nyerere pakhonde osafufuza una wake.

Choncho musanachotsenso china chilichonse, lowani mu Settings, kenako Apps, musankhe imodzi mwa mapulogalamu osafunikawo n'kutsikira pansi penipeni pa tsamba lake. Mafoni ambiri a Android amaonetsa pamenepo kumene pulogalamuyo inachokera. Mukaona kuti inachokera ku Google Play Store, kayikirani akaunti ya Google imene ili m'foniyo. Aliyense amene ali ndi pasiwedi ya akauntiyo akhoza kukhala pa kompyuta ku Kabwata n'kulamula kuti pulogalamu ilowe m'foni yanu ku Mtendere, osaikhudza n'komwe. Popeza munagula foni imene inali ya munthu wina, n'kutheka kuti akaunti ya mwini wake woyamba, kapena ya mnyamata amene anakuthandizani kuikonza pa tsiku logula, ikadali momwemo. Pitani pa gawo la Accounts, muchotse akaunti iliyonse yosakhala yanu, ndipo musinthe pasiwedi ya akaunti yanu. Musaiwalenso kufunsa ana kunyumba, chifukwa magemu aulere amaonetsa zotsatsa malonda zokhala ndi kachizindikiro kotsekera kakang'ono kwambiri, moti chala cha mwana chikaphonya pang'ono chimakafikira pa Install.

Koma ndikuganiza kuti vuto lanu lagona pa mafayilo a APK, amene ndi mafayilo oikira mapulogalamu m'foni ya Android osadzera mu Play Store. Kuno ku Lusaka ambirife timapewa kuwononga bundle, choncho timatumizirana mapulogalamu pa Xender, kapena timapereka foni kwa anyamata a m'tauni kuti atiikire nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu onga GB WhatsApp, imene si ya kampani ya WhatsApp ndipo sipezeka mu Play Store. Fayilo yoyenda m'manja mwa anthu motere palibe amene angatsimikize zimene zili mkati mwake. Ikhoza kugwira ntchito imene munaifunira, koma mobisa n'kumakoka mapulogalamu ena pa intaneti, chifukwa amene anailemba amalandira kandalama pa pulogalamu iliyonse imene yalowa m'foni ya munthu. Apa m'pamene bundle yanu ikuthera. Kuyambira pa Android 8, imene inatuluka mu 2017, chilolezo choika mafayilo oterewa chimaperekedwa kwa pulogalamu iliyonse payokha. Lembani mawu akuti Install unknown apps pa malo ofufuzira mu Settings, ndipo pa mndandanda umene utuluke muzimitse chilolezocho paliponse, ngakhale pa Chrome ndi pa Xender pomwe.

Chaka chatha mphwanga anandibweretsera foni yake ili ndi matenda omwewa. Nditatsika mpaka kumapeto kwa mndandanda wa mapulogalamu, ndinapeza mzere wina wopanda dzina, wokhala ndi chizindikiro choyera mbee, moti munthu wothamanga sakanauona. Batani la Uninstall linali lotuwa, losadinika. Pulogalamuyo inali itadzilembetsa pa Device admin apps, malo amene amapatsa pulogalamu mphamvu zoyang'anira foni, ndipo ndinayenera kuichotsa kaye pamenepo kuti batani lija ligwire ntchito. Mphwangayo anakumbukira pambuyo pake kuti anadina Activate tsiku lina akufuna kuonera mpira kwaulere. Inunso muyang'ane malo amenewa, komanso gawo la Accessibility, limene linapangidwira kuthandiza anthu olumala koma mapulogalamu oipa amaligwiritsa ntchito kudina mabatani m'malo mwa mwini foni ndi kuwerenga zimene zili pa sikirini. Kwa munthu amene ndalama za geni yake zimadutsa pa Airtel Money kapena MTN MoMo, chilolezo chimenechi si chochita nacho masewera. Foni ikamakana kumvera, iyatseni mu Safe mode, imene imagoneka mapulogalamu onse obwera pambuyo, kenako muchotse wolakwayo.

Pali mapulogalamu ena amene amabwera ndi foni kuchokera kufakitale. Makampani opanga mafoni otchipa amapeza phindu lochepa pa foni iliyonse, choncho amalandira ndalama kwa eni mapulogalamu kuti awaikiretu, ndipo ena amaikamo sitolo yawoyawo imene imaonetsa zizindikiro zooneka ngati mapulogalamu oikidwa kale, pamene zimayamba kukoka pulogalamuyo mukangozikhudza. Zimenezi zimatopetsa koma kawirikawiri sizoopsa. Mukalephera kuzichotsa, dinani Disable ndi kuzimitsa mauthenga ake.

Nthawi zina nkhani imakula kuposa pamenepa. Mu 2019 kampani ya Symantec inalengeza za pulogalamu yoipa yotchedwa xHelper, imene inali italowa m'mafoni oposa 45,000 ndipo inkabwereranso ngakhale munthu atafufuta zonse za m'foni. Chaka chomwecho Google inavomereza kuti ina yotchedwa Triada inkalowetsedwa m'mafoni ena asanafike n'komwe kusitolo, kudzera mwa makampani amene opanga mafoniwo ankawapatsa ntchito yolemba mbali zina za mapulogalamu. Sindikunena kuti yanu ili ndi zimenezi, koma n'chifukwa chake sindilonjeza munthu kuti Factory reset, kutanthauza kufufuta zonse za m'foni kuti iyambirenso ngati yatsopano, imachiza chilichonse.

Komabe pa foni yogula kwa munthu wina, Factory reset ndi imene ndikanayambira tsiku loyamba. Sungani kaye zithunzi ndi manambala a makasitomala anu, muonetsetse kuti mukukumbukira pasiwedi ya akaunti yanu ya Google, ndipo foni ikayakanso n'kukufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa mapulogalamu akale, mukane, chifukwa mukavomera mudzabweza alendo omwe aja. Ikani mapulogalamu amodziamodzi kuchokera mu Play Store, ndipo mutsimikize kuti Play Protect, chitetezo cha mu Play Store chimene chimafufuza mapulogalamu oipa, ndi yoyatsa. Pulogalamu yoyeretsa foni ija musaibwezere, chifukwa Android imayendetsa yokha nkhani ya memory. Mukachita zonsezi alendowo n'kubwerabe, ndiye kuti vuto lili mkati mwenimweni mwa foni, ndipo muitengere kwa okonza ovomerezeka a mtundu wa foni yanuyo kuti akaifulashe ndi pulogalamu yochokera kwa opanga. Ikabwerako, musinthe PIN ya mobile money musanalandire ndalama ya kasitomala aliyense.