Kodi mapologalamu a boma othandiza achinyamata kupeza ntchito amathandizadi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina, akuti anamaliza koleji zaka ziwiri zapitazo, ma CV watumiza mpaka kutopa koma kuli zii, ndiye akufunsa ngati mapologalamu a boma othandiza achinyamata pa nkhani ya ntchito ali ndi phindu kapena ndi zandale chabe.

Achemwali, ena amathandizadi, ena ndi ongosonkhanitsa anthu mu holo masiku atatu, kujambulitsa zithunzi, kugawa masatifiketi, basi aliyense kwawo. Ineyo ndinapitako ku wekishopu yotero, satifiketi yake ili mu sutikesi mpaka lero, palibe bwana anandifunsapo za iyo. Ndiye musanalembetse funsani kuti kodi pologalamuyi indilowetsa pamalo pa ntchito penipeni, pomwe pali bwana woona mmene ndikugwirira?

Taonani ku Germany. Wachinyamata amasayina kontirakiti ndi kampani, masiku atatu kapena anayi pa sabata ali kuntchito, otsalawo ali mkalasi, kwa zaka ziwiri mpaka zitatu ndi theka, ndipo mwezi ukatha amalandira kangachepe. Pomaliza kampani ija imakhala ikumudziwa kale, ikudziwa kuti amafika nthawi yanji mmawa komanso akalakwitsa amatani, ndiye ambiri amangowalemba konko. Mayiko a European Union mu 2013 anagwirizana za Youth Guarantee, yoti wachinyamata akamaliza sukulu kapena ntchito ikamuthera, pasanathe miyezi inayi apatsidwe mwayi wa ntchito, maphunziro kapena malo ophunzirira ntchito. Kulonjezako nkosavuta, mayiko ena zinawavuta kukwaniritsa, komabe mfundo yoika malire a nthawi ndimaikonda chifukwa munthu akakhalitsa pakhomo mabwana amayamba kumukayikira, iyenso amayamba kudzikayikira. Ku South Africa kuli pologalamu yotchedwa YES (Youth Employment Service) yomwe inayamba mu 2018, makampani amatenga achinyamata kwa miyezi 12.

Inuyo mukaona boma lalengeza za intenishipu lembetsani ndithu, ngakhale alawansi ikhale yochepa, bola ikukwanira thiransipoti. Koma mukalowa musamangokhala pakona kudikira kutumidwa fotokope, pemphani ntchito yooneka yoti mudzailembe pa CV, ndipo musanachoke mutenge kalata ya umboni kwa amene amakuyang'anirani, osadikira kuti papite chaka atakuiwalani dzina. Za ngongole zoyambira bizinesi mwafunsazo ndidzayankha padera, imeneyo ndi nkhani ina yaitali.