Kodi tinene "maselo oyera" kapena "asilikali a m'thupi"?

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, walemba kuti: "Ndikamaphunzitsa za magazi ndimati maselo oyera, koma ophunzira amandifunsa ngati palinso maselo akuda ndi litsiro. Kuchipatala amati asilikali a m'thupi. Nditsate ziti?"

Aphunzitsi, ana anuwo sanalakwe, pakuti m'Chichewa kuyera kumanena za mtundu komanso za ukhondo, monga pamene timati mbale yayera. Apa tikunena za mtundu wokha. Maselowa alibe kufiira kumene kuli m'maselo onyamula mpweya, ndipo magazi akazunguzidwa m'makina a ku labotale, iwo amaoneka ngati kamzere kotuwa pamwamba pa ofiirawo. M'kalasi nenani kuti selo loyera la m'magazi, akachuluka maselo oyera a m'magazi, koma musafupikitse n'kumati "magazi oyera", chifukwa womva aganiza za magazi opanda matenda.

Mawu akuti asilikali a m'thupi ndimawakonda, popeza ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi amawamva msanga. Vuto lake n'lakuti pa uphungu wa HIV mawuwa kawirikawiri amaimira maselo a CD4 okha, amene kachilomboka kamawononga, pomwe CD4 ndi kagulu chabe ka ma lymphocyte, mtundu umodzi mwa mitundu isanu ya maselo oyera. Ochuluka koposa ndi ma neutrophil, amene amathamangira pabala kukameza mabakiteriya, ndipo mafinya amene timanyansidwa nawo aja, mbali yaikulu ndi mitembo yawo. Ma monocyte amameza tizilombo ndi maselo akufa, ma eosinophil amachuluka munthu akakhala ndi njoka za m'mimba kapena likodzo, pamene ma basophil amakhudzidwa ndi ziwengo. Mayina amenewa asiyeni mmene alili. Kuwapekera a Chichewa kungasokoneze mwana pa mayeso.

Fanizo la asilikali limagweratu tikafika pa khansa ya m'magazi yotchedwa leukaemia, pamene mafuta a m'mafupa amatulutsa maselo oyera ambirimbiri osatha kugwira ntchito. Mukauza wodwala kuti asilikali ake achuluka, adzayesa kuti mwamubweretsera uthenga wabwino.

Mayi wina wa ku Nkhamenya wafunsanso ngati "magazi achepa" ndi "chitetezo chatsika" zili chimodzimodzi. Ayi, mayi. Kuchepa magazi kumanena za maselo ofiira, monga zimachitikira mwana amene wadwala malungo mobwerezabwereza mpaka zikhatho kuyera, pamene kutsika kwa chitetezo kumaloza ku maselo oyera, monga chiwerengero cha maselo a CD4 chikatsika kufika pansi pa 200. Munthu mmodzi atha kukhala ndi mavuto onse awiri, n'chifukwa chake pofotokozera achibale zimene adokotala apeza ndi bwino kubwereza mawu enieniwo amene iwo anena.